Chipepeso cha Matemba

Bambo anga atabwera kudzacheza ku Glasgow, anasankha mpando wa pawindo n'kukhazikika pomwepo ngati wina wawalemba ntchito youlondera. Nyumba yathu ku Maryhill ili pamwamba, ndipo ukasuzumira kunja umaona ngalande yaikulu, madzi ake akuda bii, abakha akusambiramo. Ine ndinkati munthu wa kunyanja akaona madzi, mtima uyenera kudumpha. Ayi ndithu. Ankakhala chofulatira windo, manja ali pamaondo, kanema akulongolola Chingerezi chimene sankachimva.

Bambo ndi msodzi wa ku Chilwa, cha ku Kachulu. Ine ndinakula zovala zikununkha utsi wowambira milamba, ndipo sukulu ndinaphunzira chifukwa cha matemba. Chaka chimene nyanja inaphwa, mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, bwato lawo linatsala pamatope n'kung'ambika ndi dzuwa. Chaka chomwecho amayi anadwala n'kutisiya. Madzi anadzabwerera, anzawo onse anabwerera kudoko, koma Bambo sanapondekonso. Mng'ono wanga, amene amakhala nawo kumudzi, ankandiuza pafoni kuti, "Achemwali, munthuyu akungofota tikuona. Sadwala, koma sali bwino." N'chifukwa chake tinawaitanitsa kuti mwina mphepo ya kwina iwatsitsimule.

Miyezi inapita, mphepoyo osachita kanthu. Ulendo wawo wobwerera utayandikira, ndinayamba kuchita mantha. Ndinkaona kuti ndikakweza ndege munthu yemwe uja ndinamulandira, wachete, wamaso ozima, ndipo pa msinkhu wawo ndinkadziwa kuti ulendo wanga wotsatira wopita kumudzi ukhoza kudzakhala wa maliro. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha basi: ndiwaone atagwiranso chingwe cha mbedza, ngakhale kamodzi. Tinatsala ndi Loweruka limodzi, ndiye ndinati tipite nawo kunyanja yamchere akawedze, akaonenso dziko. Funso linali lakuti tipite kuti.

Nkhaniyi itangomveka kutchalitchi, abale inu, aliyense anasanduka katswiri wa nyanja. Mayi wina wa ku Easterhouse, amene ngakhale m'bafa amaopa kumira, anandigwira mkono n'kuti, "Largs, mwanawe, Largs! Sitima yapamtunda ikakutula pagombe penipeni, pali pantoni yopita kuchilumba, ndiye ayisikilimu yake!" Mkulu wa mpingo anapukusa mutu. Iye anati munthu wamkulu sumupititsa kodyera ayisikilimu, umupititse ku Oban, kumene kuli mapiri ndi maboti otengera anthu pakati pa nyanja kukawedza nsomba zazikulu ngati mwana. Wina anati ku Ayr kuli mchenga wabwino. Ndinamufunsa ngati Bambo abwera kudzaumba njerwa, ndipo sanandiyankhulenso tsiku limenelo.

Kunyumba nako kunali kwake. Mwamuna wanga amagwira ntchito ya makompyuta, ndipo ukamupatsa funso laling'ono amalisandutsa pulojekiti. Anatsegula masamba osawerengeka pa laputopu, uku akuyang'ana za mphepo, uku za nsomba zimene zikudya mwezi umenewo, uku za poimika galimoto. Anagulanso ndodo yowedzera ya makina, yonyezimira, iye amene chibadwire sanagwirepo ngakhale chule. Mwana wathu wamkazi, amene amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene inenso ndimachita kuchitchera khutu, anati iye kulikonse apita bola kukhale tchipisi ndi netiweki.

Eni ake ulendo ndiwo anandipsetsa mtima.

"Bambo, mukufuna tipite ku Oban kapena ku Largs?"

"Kulikonse, mwanangu."

"Kulikonse si malo, Bambo."

"Ine ndine mlendo. Kumene mwakonza ndi komweko."

Aaa, ndinalowa m'khitchini kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Ndimawadziwa anthu akwathu. Munthu wamkulu ali kwa mkamwini wake sanganene chimene akufuna ngakhale umupanikize bwanji, amaopa kuoneka ngati akulamula pakhomo pa eni. Koma ine sindinkafuna ulemu, ndinkafuna bambo anga.

Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi, mwamuna wanga analumikiza laputopu ku kanema kuti zithunzi zizioneka zazikulu. Anati, "Bambo, musanene kanthu, ingoonani." Anayamba ndi Oban: madzi obiriwira, nyumba zoyera zitandandalika m'mbali mwa gombe, mapiri kuseri. Bambo anagwedeza mutu mwaulemu. Kenaka Largs, pantoni ikuwoloka, anthu akuseka. Anagwedezanso mutu. Zithunzi zinapitirira, zokongola zokhazokha, ndipo ine ndinkangoyang'ana nkhope yawo osati kanema. Palibe chimene chinagwedezeka.

Ndiye kunadutsa chithunzi china chimene mwamuna wanga anafuna kuchilumpha msanga. Chinali cha kadoko kena ka ku Fife, kum'mawa kwa dziko lino, chojambulidwa madzi atachoka. Maboti anali atagona chammbali pamatope, zingwe zili lende, pansi pali ndere zokhazokha.

"Taimani."

Tonse tinadzidzimuka. Bambo anadzuka pampando wawo uja, anayandikira kanema mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Chithunzichi n'chaliti?"

"Si chakale, Bambo," anatero mwamuna wanga. "Mwina cha chaka chomwechino."

"Anthu akadalipo kumeneko?"

"Alipo. Ndi kamudzi ka asodzi."

Bambo anati, "Tipite kumeneko."

Mwamuna wanga anatsegula pakamwa kuti anene kuti n'kutali, ndiponso kuti Oban ndi kokongola kuposa matope amenewo. Ndinamuponda chala pansi pa tebulo. Munthu wasankha koyamba chibwerere, iwe n'kumati fwefwefwe? Ine ndinangoganiza kuti matopewo awakumbutsa kwathu. Ndakhala kuno nthawi yaitali moti ndinaiwala kuti pali anthu amene sadziwa zoti nyanja yamchere imachoka n'kubwerera tsiku lililonse. Sizinandibwerere m'mutu n'komwe kuti ndiwafotokozere.

Loweruka m'mawa ife tinavala za ulendo, majuzi ndi nsapato zoyendera. Bambo anatuluka m'chipinda atavala jekete yakuda. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, inali ija anavala poika amayi. M'manja ananyamula jumbo yomanga bwino pakamwa, ndipo fungo lokha linandiuza kuti ndi matemba amene anatibweretsera kuchokera kumudzi, aja ndinkawasunga ngati mankhwala.

"Bambo, kowedza nsomba mwavala jekete? Nanga matembawo mukupita nawo kuti? Kunyanjatu tikupita!"

"Kwa anthu sitipita chimanjamanja."

"Anthu ake ati? Mukudziwako ndani ku Fife?"

Anavala chipewa n'kuyamba kutsika masitepe, ine ndikung'ung'udza pambuyo pawo za matemba anga.

M'galimoto mwamuna wanga anatsegula nyimbo za kwaya kuti ulendo ukome. Bambo anamugwira paphewa n'kuti, "Tatsekani kaye, bambo." Anatseka. Tinadutsa minda ya tirigu, nkhosa zili mbwee m'mapiri, tinawoloka mlatho wina wautali, ine ndikuloza uku ndi uku ngati wolondolera alendo. Bambo ankangoyang'ana kutsogolo, jumbo ili pamiyendo, ataigwira ndi manja awiri.

Tinaimika galimoto kumtunda n'kutsika wapansi kanjira kamiyala, pakati pa tinyumba tamadenga ofiira. Fungo la matope ndi ndere linatichingamira tisanaone doko. Titakhota pakona, zinali ndendende ngati pachithunzi paja. Madzi anali kutali, kamzere chabe konyezimira kuseri kwa khoma la doko. Maboti anali gone pamatope, ndipo mbalame zoyera zaphokoso za kunyanja zinkayenda pansi pamene panayenera kukhala nyanja.

Bambo anavula chipewa.

"Zafika pamenepa," ananong'ona. "Ngakhale ngalande yokankhiramo mabwato sanakumbe. Atopa anthuwa."

Pamenepo m'pamene ndinamva zonse, jekete, matemba, nyimbo zotsekedwa zija. Mayo ine! Bambo sanasankhe malo okawedza. Anaona anthu amene nyanja yawo yaphwa, ndipo anabwera kudzapepesa.

Mwana wanga nayenso anazindikira, ndipo ndinaona kuseka kukukwera kumaso kwake, pakamwa patayamba kale kuti "Agogo". Ndinamuyang'ana diso limodzi lokha, anameza. Munthu wamkulu kusekedwa pamaso pa mkamwini ndi mdzukulu, kudziko la eni, atavala jekete ya maliro a mkazi wake? Ndinkadziwa kuti zikatero abwerera pampando wawo uja ndipo sadzatsegulanso pakamwa. Mwamuna wanga, Mulungu amudalitse munthu ameneyu ngakhale amanditopetsa, anatsamiritsa ndodo yake pakhoma, anagwira mwana dzanja n'kuti akukaona tchalitchi chakale cha kumtunda ndi kufunafuna tchipisi.

Pakhoma la doko panali mkulu wina wachizungu, wa msinkhu wa Bambo, nkhope yofiira ndi mphepo, atavala majombo achikasu. Ankasoka miono yogwirira nkhanu. Bambo anapita molunjika kwa iye, koma sanamupatse moni ataimirira. Anakhala pansi pamwala chapatali pang'ono, anaika chipewa pabondo, anakhala chete kaye monga timachitira tikafika pasiwa. Kenaka anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kundikodola.

"Uwauze kuti taona zimene zawagwera. Tinaona pa kanema. Uwauze kuti ife ndife a ku Chilwa, zoterezi tikuzidziwa. Pepani kwambiri. Uwafunsenso kuti ana akudya chiyani."

Mzungu uja anali atasiya kusoka, akuyang'ana ine, akuyang'ana Bambo. Ndinamuuza m'Chingerezi, motsitsa mawu, kuti awa ndi bambo anga, ndi msodzi, nyanja ya kwawo inaphwa chaka china ndipo anataya bwato ndi mkazi. Ndinati aona doko lanu lili louma, akuganiza kuti inunso zakuonekerani, ndiye abwera kuchokera ku Glasgow kudzakupepesani, ndipo m'jumbomo muli nsomba zouma za ana anu. Ndinamaliza ndi kumupempha kuti chonde asaseke.

Sanaseke. Anayang'ana Bambo nthawi yaitali, kenaka anavula kapusi yake, anapukuta manja pabuluku. Bambo atapereka jumbo ija atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, iye anaona mmene achitira n'kulandira ndi manja awiri. Anamasula, ananunkhiza. Amene amawadziwa matemba a ku Chilwa akudziwa kuti fungo lake silipempha chilolezo, koma mkulu uja sanakwinye nkhope. Anati ndiwauze kuti zikomo, palibe munthu anamuchitirapo zotere. Anatinso ndiwauze kuti madzi ali m'njira, pofika masana maboti onsewa akhala akuyandama.

Ndinamasulira. Bambo anagwedeza mutu mwachisoni.

"Ee, azitero. Ifenso tinkatero."

"Bambo, akunenatu zoona. Nyanja ya kuno..."

"Iwe, usamutsutse, komanso usamunamize. Tabwera kudzakhala naye. Khala pansi."

Ndinakhala pansi. Mwala unali wozizira moti unkalowa mpaka m'mafupa, ndipo ndinkadandaula mumtima kuti anthu a kutchalitchi akadzandifunsa zimene tinaona ku Fife ndidzati matope. Mzungu uja anatsegula fulasiki, anathira tiyi m'chivundikiro n'kupatsa Bambo, iwo anamwa theka n'kumubwezera. Kenaka Bambo anakoka mono umodzi, anautembenuza, analowetsa dzanja pakhomo pake. Anati, "Khomo lake ndi lomwe lija lathu, cholowa sichituluka." Sindinamasulire, koma mzungu uja anamva, anawapatsa singano yosokera ndi ulusi. Anthu awiri aja anayamba kusoka mono umodzi, wina uku wina uku, popanda liwu limodzi lomvana.

Ali mkati mosoka, osandiyang'ana, Bambo anayamba kuyankhula. Chibwerere ku Glasgow ndinali ndisanawamve akunena mawu ambiri chonchi.

"Mayi ako ndiye ankatero. M'mawa uliwonse, ngakhale atagona kale pamphasa osatha kudzuka, ankati, 'Bambo, pitani mukamate bwato lija, madzitu akubwera.' Ine ndinkapita, osati kukamata, koma kuti asaone nkhope yanga. Ndinkakhala pamatope paja mpaka dzuwa litapendeka, n'kubwera kudzamuuza kuti ndamata." Anakoka ulusi, anaudula ndi mano. "Tinamuika kuli fumbi lokhalokha. Mvula itadzagwa, madzi anabwera, anadzaza mpaka pamene tinkayanika matemba. Anthu ankaimba kudoko. Ine ndinawayang'ana madzi aja n'kuti, mwabwera kudzatani tsopano? Munali kuti?"

Ndinalira, abale, sindibisa. Ndinalira ngati kamwana, mamina ndi misozi, pamaso pa mzungu wosamudziwa. Zaka zonsezi ine ndi mng'ono wanga tinkati Bambo anasiya usodzi chifukwa chosowa bwato, ndipo tinkawakakamiza kuti tiwagulire lina. Sitinkadziwa kuti anakwiyira madzi.

Amene anayamba kuona madzi akubwera ndi Bambo, diso la msodzi. Singano inaima m'manja. Pakamwa pa doko, pakati pa makoma awiri aja, panalowa kamtsinje kopyapyala, kakukwawa pamatope mwakachetechete. Kanadzaza kadzenje kena, kanasefukira, kanapita kena. Mbalame zija zinayamba kubwerera m'mbuyo. Bambo anaimirira, anayang'ana kumwamba. Kunali kowala, mitambo yochepa chabe.

"Mvula yagwa kuti?"

"Sinagwe, Bambo."

"Nanga mtsinje wake ndi uti ukuthira muno?"

"Palibe mtsinje. Amatero madzi a kuno. Amapita, amabwera."

"Chaka chilichonse?"

"Tsiku lililonse, Bambo. Kawiri."

Anapita kumapeto kwa khoma, ine pambuyo ndikuopa kuti aterereka. Tinaima pamenepo nthawi yaitali, madzi akukwera tikuona. Anafika pa boti loyamba, lobiriwira, analizungulira. Botilo linagwedezeka pang'ono ngati munthu amene akudzutsidwa ku tulo, linadzuka chammbali muja, linaima chilili, kenaka chingwe chake chinakungika. Lachiwiri linatsatira. Posakhalitsa doko lonse linali phokoso la maboti akugundana ndi khoma.

Ndinkayembekeza manyazi, ndipo ndinali nditakonzeka kale kukalipira aliyense amene angayerekeze kumwetulira. Koma Bambo anatembenuka, anayang'ana mzungu uja, anayang'ana jumbo ya matemba ili pambali pake, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Ndiye ndapepesa munthu wosaferedwa?"

"Ee, Bambo."

"Ndi matemba omwe?"

"Matemba anga, Bambo. Onse."

Bambo anaseka. Kuseka kuja ndinali nditakuiwala, kochokera m'mimba, kogwira maondo. Mzungu uja anakumbatira jumbo ija pachifuwa n'kupukusa mutu kuti sabweza, ndipo Bambo anaseka koposa, mpaka misozi. Kenaka kusekako kunatha koma misozi sinasiye. Anaisiya kuti itsike, akuyang'ana madzi, ndipo ine sindinawagwire.

"Mayi ako sananame," anatero pomaliza. "Amabwera."

Anamasula mabatani a jekete ija, anaivula n'kundipatsa. "Tagwira ichi. Mkamwini uja ali kuti ndi ndodo yake?"

Mwamuna wanga ndi mwana anali ataima kale kumtunda, tchipisi zili m'manja, akudikira chizindikiro. Anatsika chothamanga. Bambo anaitembenuza ndodo ya makina ija, anayesa kupukusa, anati ichi n'cha anthu aulesi. Mzungu uja anawabwereka chingwe chamanja chokulunga pakathabwa, ndi nyambo. Bambo anapinda malaya mpaka m'zigongono, mphepo yozizira ija osaimva, anaponya chingwe n'kuchigoneka pachala. Mdzukulu wawo anakhala pambali pawo miyendo ili lende pakhoma, foni ili m'thumba. Bambo anagwira kansomba kamodzi kokha tsiku lonse, kakang'ono moti tinakabwezera m'madzi, ndipo mwamuna wanga ndi ndodo yake yonyezimira anagwira ndere. Zoona malo sitinaone chilichonse, ngakhale tchalitchi chakale chija ine sindinachione. Ndinangokhala pamwala paja nditakumbatira jekete, ndikuyang'ana msana wa bambo anga.

Bambo ananyamuka sabata yotsatira. Nditabwera kuchokera kubwalo la ndege, ndinapeza jekete ija ili pachitseko cha chipinda chimene ankagona. Ndinadikira kuti afike kumudzi, apume masiku angapo, ndiye ndinaimba foni m'mawa wina ndisanapite kuntchito. Anayankha ndi mng'ono wanga.

"Tawapatsa Bambo foniyo, aiwala jekete yawo kuno."

"Kulibe, achemwali."

"Kulibe bwanji? Apita kuti?"

"Alawirira kudoko. Akuti kuli munthu akusema bwato, akufuna akaone ngati akusema bwino."